Harry Johnston, Mzungu Amene Adabweretsa Chiphaso cha Mfuti

Munthu akaima pa mphambano ya Golomoti kunja kutangocha, amaona mapiri a Dedza ndi Ntcheu atatchinga kumadzulo ngati linga, ndipo akapotolokera kum'mawa amaona chigwa chotambalala chimene chimakalekeza kunyanja. Masiku ano m'chigwamu mumamveka kulira kwa ng'ombe ndi phokoso la magalimoto opita ku Salima, ku Balaka kapena ku Monkey Bay. Koma m'masiku a makolo athu, cha m'ma 1890, anthu a kuno ankadzidzimuka ndi kulira kwa mtundu wina, kulira kwa gogodela. Kumtunda kudali Angoni ndi zishango zawo, kunyanja kudali mafumu a Chiyao ndi mfuti zawo, ndipo midzi ya m'chigwa idali pakati monga chimanga chimene chili pakati pa mtondo ndi munsi.

Lero mwana wasukulu aliyense amadziwa kuti munthu sasunga mfuti popanda chiphaso cha Boma. Mlimi amene anyani ndi nguluwe zamuthera chimanga sangangopita kusitolo kukagula mfuti monga momwe agulira khasu. Lamulo limeneli tidalizolowera kotero kuti timaliona ngati lidabadwa pamodzi ndi dziko. Komatu lili ndi chiyambi chake, ndipo amene adabwera nalo ndi Harry Hamilton Johnston, Mzungu woyamba kuyendetsa Boma la Angerezi m'dziko muno. M'nkhani ino tiona moyo wake, makamaka njira zitatu zimene adatsata pochotsa mfuti m'manja mwa eni dziko: lamulo, ndalama ndi nkhondo. Inu aphunzitsi, ndi inu amene mwangotsiriza sukulu, werengani mofatsa, pakuti funso limene munthuyu adatisiyira likadali ndi moyo: kodi woyenera kugwira mfuti ndani, nanga wopereka chilolezoyo amamuyang'anira ndani?

Mnyamata wojambula zithunzi

Johnston adabadwa pa 12 Juni, 1858, ku Kennington mu mzinda wa London. Bambo wake adali mkulu wa pakampani ya inshuwalansi, motero mwanayo sadakulire mu usiwa. Adaphunzira ku King's College, kenaka adapita ku Royal Academy kukaphunzira luso lojambula zithunzi. Palibe amene akadaganiza kuti mnyamata wamfupi ameneyu, wokonda kujambula mbalame ndi nyama, adzakhala wotsogolera nkhondo. Sadaphunzirepo za usilikali, koma adali ndi mutu wogwira zilankhulo msanga, maso openyetsetsa, ndi mtima wosafuna kugonja pa chilichonse.

Ulendo wake woyamba wa ku Africa udali wa ku Tunis mu 1879. Mu 1882 adayenda m'dziko la Angola, ndipo chaka chotsatira adakumana ndi Henry Morton Stanley m'mbali mwa mtsinje wa Congo. Mu 1884 adatumidwa ku phiri la Kilimanjaro kukafufuza za zomera ndi nyama, koma ali komweko adayamba kale kupangana mapangano ndi mafumu. Boma la Angerezi lidaona kuti mnyamatayu ngwochangamuka, ndipo lidamtumiza ngati wachiwiri kwa kazembe ku Cameroon ndi kumathiriro a mtsinje wa Niger.

Kumeneko ndi kumene khalidwe lake lidaonekera poyera. Mu 1887 adaitana Jaja, mfumu yamalonda ya ku Opobo, kuti akakambirane m'sitima yankhondo, atamlonjeza kuti adzabwerera kwawo mwamtendere. Mfumuyo italowa m'sitimamo idapezeka kuti yagwa mumsampha. Idatengedwa kukazengedwa mlandu ku Accra, nkuthamangitsidwira ku zilumba za West Indies, ndipo idamwalira mu 1891 ili panjira yobwerera kwawo. Nkhani imeneyi tiisunge m'mutu, chifukwa ikutionetsa kuti kwa Johnston pangano lidali chida, monga mfuti ili chida.

Mfuti m'dziko la nyanja

Pamene Johnston ankafika kuno mu 1889, ali kazembe wa Angerezi ku Mozambique, adapeza dziko limene mfuti idali itasanduka ndalama. Amalonda ochokera ku Kilwa, ku Ibo ndi ku Quelimane ankabwera ndi nsalu, mikanda, mfuti ndi wonga, nkumabwerera ndi minyanga ya njovu ndi anthu omangidwa m'magoli. Mfuti zambiri zidali gogodela, zija zothira wonga kukamwa, kutsendera ndi kachitsulo, kenaka nkuikamo chipolopolo kapena tizidutswa ta zitsulo. Zidali zochedwa kulonga, ndipo mvula ikanyowetsa wonga sizinkalira. Komabe pamaso pa munthu wa uta ndi mkondo zidali zoopsa kokwanira.

Malondawa ankadzidyetsa okha. Mfumu yokhala ndi mfuti inkagwira akapolo, akapolowo nkugula nawo mfuti zina, mfuti zinazo nkugwira nazo akapolo ochuluka koposa. Mfumu yokana malondawa inkakhala nyama ya mnzake. Mponda adakhala pamene mtsinje wa Shire umatulukira m'nyanja, pa dooko la apaulendo. Makanjira adali kutsidya la kum'mawa ndi zombo zake. Jalasi adali paphiri la Mangochi, Kawinga ku Chikala, Jumbe ku Nkhotakota, ndipo Mlozi adamanga malinga ake ku Karonga. Tisaiwale kuti mfuti zimenezi sizinkasulidwa ku Africa. Zinkachokera m'mafakitale a ku Ulaya, ndipo amene ankalemera nazo poyamba adali anthu a kwawo kwa Azungu omwewo amene pambuyo pake adadzadandaula za kuopsa kwake.

Mu Okutobala 1889 Johnston adapangana za mtendere ndi Mlozi ku Karonga, pofuna kuletsa nkhondo imene idayamba mu 1887 pakati pa Mloziyo ndi kampani ya African Lakes. Ku Nkhotakota adapangana ndi Jumbe kuti azilandira ndalama chaka ndi chaka, iye nkukhala bwenzi la Angerezi. Apa ndi pamene tikuyamba kuona njira yake yachiwiri: mfumu imene sungathe kuigonjetsa lero, yambe waigula.

Pangano la ku Brussels

Nthawi yomweyo ku Ulaya kudali mfuu yaikulu yodana ndi ukapolo. Mmodzi mwa amene adaikweza kwambiri mu 1888 adali Kadinala Charles Lavigerie, amene adayambitsa chipani cha ansembe a White Fathers. Ansembe ake adakhala kwa Mponda kuyambira kumapeto kwa 1889 mpaka 1891, ndipo adaona ndi maso awo momwe anthu ankasinthanitsidwira ndi wonga. A chipani chomwechi ndiwo adadzatsegula mishoni ya Mua mu 1902.

Mfuu imeneyi idabala msonkhano wa ku Brussels, ndipo pa 2 Julayi, 1890, maiko 17 adasaina pangano. Mbali ina ya panganolo inkanena za mfuti. Adalemba malire kuchokera m'chipululu cha Sahara kumpoto mpaka pafupi ndi mtsinje wa Limpopo kumwera, nagwirizana kuti m'kati mwa malirewo mfuti zamakono ndi zipolopolo zake zisagulitsidwe mwachisawawa. Mfuti iliyonse yolowa m'dziko inkayenera kusungidwa m'nyumba ya Boma. Munthu wofuna mfuti yamakono ankayenera kukhala wodalirika pamaso pa Boma, mfutiyo nkudindidwa chizindikiro, kulembedwa m'kaundula, ndi kuperekedwa pamodzi ndi chiphaso cha zaka 5. Mfuti zachikale ndi wonga wamba zinkaloledwa kugulitsidwa, koma m'madera okhawo amene mudalibe malonda a akapolo.

Pakumva, lamuloli lidali lokoma. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Pa msonkhanowo padalibe mfumu ndi imodzi yomwe ya m'kati mwa Africa. Munthu wodalirika uja, pochitika zinthu, nthawi zambiri adali Mzungu. Ndipo lamulo lomwelo limene linkamanga manja a ogulitsa anthu linkamanganso manja a mfumu iliyonse yofuna kuteteza dziko lake kwa alendo.

Ndalama za Rhodes

Mu 1891 dziko lino lidalengezedwa kuti lili pansi pa chitetezo cha Angerezi, ndipo Johnston adasankhidwa kuti aliyendetse, likulu lake lili ku Zomba. Adali ndi zaka 32 zokha. Vuto lake loyamba lidali ndalama, pakuti Boma la ku London silinkafuna kuwononga chuma chake pa dziko lakutali chotere. Amene adatsegula thumba adali Cecil Rhodes, kudzera mu kampani yake ya British South Africa, imene idalonjeza mapaundi 10,000 pachaka olipirira asilikali. Motero Boma loyamba la dziko lino lidayamba kuyenda ndi ndalama za kampani ya malonda, ndipo mwini thumba sadaleke kuyembekeza kuti adzakolola pamene adafesa. Patapita zaka zochepa awiriwa adayambana kwambiri pa nkhani yomweyi.

Ndi ndalamazo Johnston adabweretsa asilikali pafupifupi 70 ochokera ku India, ambiri a mtundu wa Sikh, motsogozedwa ndi Kaputeni Cecil Maguire. Adawonjezera ena a ku Zanzibar ndi Amakua, kenaka Atonga a ku Nkhata Bay. Adaika malo a kasitomu kuti aziona katundu wolowa, adaletsa kulowetsa mfuti ndi wonga popanda chilolezo, ndipo adalamula kuti wosunga mfuti azidula chiphaso cholipira. Adayambitsanso msonkho wa masheleni 6, umene anthu atadandaula udatsitsidwa kukhala masheleni 3 pa nyumba. Chiphaso cha mfuti chidali ndi ntchito ziwiri: kudziwitsa Boma amene ali ndi chida, ndi kudzaza thumba la Bomalo.

Koma lamulo lolembedwa ku Zomba silikadatha kudziyendera lokha mpaka kunyanja. Mafumu amene adali ndi mfuti mazanamazana sadaone chifukwa chopemphera chilolezo kwa mlendo wobwera dzulo. Apa ndi pamene njira yachitatu idayambira.

Zaka zisanu za nkhondo

Mu Julayi 1891 asilikali aja adathira nkhondo Chikumbu ku Mulanje. Mu Okutobala adaomba mudzi wa Mponda ndi mizinga, namanga linga patsidya pa mtsinje, limene adalitcha Fort Johnston. Dzina limeneli lidakhala la boma lonse limene lero timalitcha Mangochi. Kuchokera pamenepo adaoloka kukatentha mudzi wa Makanjira ndi kuswa zombo zake.

Si nthawi zonse pamene zinthu zinkawayendera. Mu Disembala 1891 Maguire adaphedwa ndi anthu a Makanjira pamene ankayesa kuwononga zombo zina. Mu Febuluwale 1892 gulu lina la Boma lidakwera phiri la Jalasi, koma lidabwerera liwiro, litasiya mzinga wake m'manja mwa Ayao. Zimenezi zikutiphunzitsa kuti makolo aja sadali anthu ongogwa ndi mantha. Chimene chidawagonjetsa ndi kusiyana kwa zida kumene kunkakula chaka ndi chaka. Pamene wonga unkayamba kusowa m'malinga a mafumu chifukwa cha kutsekedwa kwa njira, Boma linkalandira asilikali ena a ku India, mfuti zolongera kumbuyo, ndi sitima ziwiri zankhondo, Pioneer ndi Adventure, zimene zidayamba kuyenda panyanja mu 1893. Chaka chomwecho Rhodes adaperekanso mapaundi ena 10,000 oti amenyere Makanjira, ndipo mudzi wake utagwa padamangidwa Fort Maguire.

Chaka cha 1895 ndicho chidatsiriza zonse. Kawinga, Matipwiri ndi Jalasi adagonjetsedwa motsatizana, ndipo Mponda adadzipereka. Kumayambiriro kwa Disembala Johnston mwini wake adapita ku Karonga, naomba linga la Mlozi ndi mizinga. Mlozi adagwidwa, adazengedwa mlandu pamaso pa mafumu a Ankhonde, napachikidwa pa 4 Disembala. Akapolo oposa 500 adamasulidwa pamalopo. Masabata ochepa pambuyo pake Mwase wa ku Kasungu ndi Tambala nawonso adagonja. Ngakhale ubwenzi wa ku Nkhotakota sudakhalitse: Jumbe wa pangano uja atamwalira mu 1894, wolowa m'malo mwake adachotsedwa pampando nkutumizidwa ku Zanzibar.

Zimene zidachitika m'chigwa chathu

Tsono tibwerere ku Golomoti, tione momwe zonsezi zidakhudzira anthu a kuno. Angoni a kwa Maseko, amene adakhazikika kumapiri a Domwe ndi Ntcheu, adali atagawikana. Mbali ina idali ya Inkosi Chikusi, mbali ina ya Chifisi, mwana wa Chidyaonga. Angoni adali akatswiri a nthungo ndi chishango, ndipo poyamba sankaiwerengera mfuti. Koma pa nkhondo ya pachibaleyi mbali zonse zidayamba kufunafuna thandizo la Ayao okhala ndi mfuti, ndipo malipiro a thandizo lotere kawirikawiri adali anthu ogwidwa kunkhondo. Njira za pakati pa mapiri ndi nyanja zinkadutsa m'chigwa chino, motero ovutika adali eni midzi amene sadayambe nawo mkanganowo.

Chikusi ndi Chifisi adamwalira chaka chimodzi, mu 1891, koma udani adausiyira olowa m'malo mwawo, Gomani ndi Kachindamoto. Mu 1894 nkhondo idakula, ndipo Kachindamoto ndi anthu ake adatsikira kunyanja. Akuluakulu a asilikali a Boma adalowererapo chaka chomwecho nayanjanitsa mafumu awiriwo. Kachindamoto adakhazikika ku Mtakataka, ndipo ndi chifukwa chake mpaka lero dera la Mtakataka, Mua ndi Golomoti lili pansi pa ufumu umenewu.

Taonani tsono mbali ziwiri za nkhaniyi. Mtendere wa 1894 udapulumutsa miyoyo, ndipo anthu amene ankagona m'mapanga ndi m'mabango adayamba kubwerera kuminda. Koma woyanjanitsa uja adali ndi mizinga kumbuyo kwake, ndipo kuyambira pamenepo mawu otsiriza sadalinso a Inkosi. Zimenezi zidaoneka poyera mu Okutobala 1896, Johnston atachoka kale ndipo Alfred Sharpe akugwirizira mpando wake. Gomani, amene sadafune kuti anthu ake azikhoma msonkho ndi kukagwira ntchito kwa Azungu, adathiridwa nkhondo, adagwidwa, naomberedwa ndi asilikali a Boma pa 27 Okutobala. Gomani sadali Mluya wa kugombe. Adali mfumu yokana kulamulidwa m'dziko lake, ndipo mfuti zimene zidabwera m'dzina lothetsa ukapolo ndizo zidamupha.

Amene adamtsutsa

Tisaganize kuti Azungu onse ankamuombera m'manja Johnston. Amishoni a ku Blantyre, motsogozedwa ndi David Clement Scott ndi Alexander Hetherwick, ankamdzudzula kawirikawiri m'nyuzi yawo ya Life and Work. Iwo ankadana nawo ukapolo, koma ankaona kuti kutentha midzi ndi nkhokwe kumalanga osalakwa, kuti msonkho ndi wolemera kwa anthu opanda ndalama, ndi kuti Boma likudzitengera mphamvu popanda wolifunsa. Johnston ankapsa nawo mtima, nawaneneza ku London kuti akusokoneza ntchito yake. Iye ankakhulupirira kuti m'dziko mukakhala magulu ambiri a mfuti simungakhale mtendere, ndi kuti mankhwala ake ndi amodzi okha: mfuti zonse zamphamvu zikhale m'dzanja limodzi.

Mbali zonse ziwiri zidali ndi mfundo. N'zoona kuti pofika 1896 misika ikuluikulu ya akapolo idali itatsekedwa. N'zoonanso kuti m'zaka zomwezo Johnston adapereka kwa Azungu makalata otsimikizira umwini wa malo aakulu kwambiri, makamaka ku mapiri a Shire, ndipo anthu olandidwa zida sakadatha kukana. Pa malo amenewo ndi pamene padamera thangata.

Zotsatira zina zidadza pang'onopang'ono. Malamulo a ulenje adayamba kuchuluka, ndipo mlimi wopanda mfuti ankangoyang'ana njovu, mvuu ndi nguluwe zikumdyera m'munda. Pamene lamulo lina la nyama zakutchire lidakhazikitsidwa mu 1926, amishoni ndi mabungwe a eni dziko adalitsutsa kwambiri pa chifukwa chomwechi. Ndipo mu Januwale 1915, pamene John Chilembwe adaukira Boma, anthu ake ambiri adali ndi mikondo chabe, kotero kuti adachita kukathyola nyumba yosungira zida ya Mandala ku Blantyre, nkupezamo mfuti zowerengeka. Zaka 20 zidali zokwanira kusandutsa dziko lodzala ndi gogodela kukhala dziko la manja opanda kanthu.

Phunziro limene adapita nalo ku Uganda

Malungo oopsa aja odetsa mkodzo adamgwira Johnston kangapo, ndipo mu 1896 adachoka m'dziko muno osabwereranso. Chaka chomwecho adalandira ulemu wotchedwa Sir, nakwatira Winifred Irby. Mu 1897 adatulutsa buku lake lalikulu lofotokoza dziko lino, lotchedwa British Central Africa, ndipo adatumizidwa ku Tunis. Mu 1899 adapatsidwa ntchito yokonza ulamuliro wa Uganda.

Kumeneko adapeza ufumu wa Buganda, wamphamvu ndi wa mfuti zambiri, woti kulimbana nawo kukadadya ndalama zosaneneka. Tsono adasankha njira ya thumba. Mu pangano la pa 10 Malichi, 1900, limene adasainirana ndi Apolo Kagwa ndi nduna zina zogwirizira ufumu wa mwana Daudi Chwa, mudalembedwa msonkho wa marupiya 3 pa nyumba ndi marupiya 3 pa mfuti chaka chilichonse. Otolera msonkhowo adali mafumu eni ake. Posinthana ndi ntchitoyo mafumuwo adalandira malipiro a pachaka ndi malo aakulu okhala awoawo, ndipo Kabaka adaloledwa ziphaso 50 zaulere za mfuti za alonda a kunyumba kwake.

Njira imeneyi idagwira ntchito popanda mizinga. Koma mtengo wake adalipira ndi anthu wamba, amene adadzuka tsiku lina nkupezeka kuti nthaka ya makolo awo ili ndi mwini, ndipo mfumu yawo yayamba kuyang'ana kumene kukuchokera malipiro. Chimene ku Malaŵi chidatheka ndi moto, ku Buganda chidatheka ndi mphatso, koma mapeto ake adali amodzi: wopereka ziphaso ndiye adakhala mwini dziko.

Masiku ake otsiriza

Ali ku Uganda, Johnston adapeza zikopa za nyama ya m'nkhalango za Congo imene akatswiri a ku Ulaya sankaidziwa, yotchedwa okapi, ndipo dzina lake la sayansi lidatengera dzina la iyeyo. Adabwerera kwawo mu 1901, ndipo sadapatsidwenso udindo waukulu. Ana ake amapasa adamwalira atangobadwa mu 1902. Mu 1903 adapikisana nawo pa chisankho cha phungu ku Rochester, koma adagwa. Moyo wake wotsala adauthera pa kulemba. Adalemba za dziko la Liberia, za anthu akuda a ku America atakawayendera mu 1908, ndiponso mabuku a nthano. Ntchito imene ankainyadira koposa idali yofananitsa zilankhulo za Chibantu, imene idatuluka m'mabuku awiri mu 1919 ndi 1922, ndipo chilankhulo chathu chili momwemo. Atakalamba adayamba kulankhula mokomera maphunziro ndi ufulu wa anthu akuda kuposa momwe ankachitira ali ku Zomba. Adadwala matenda ofa ziwalo mu 1925, namwalira pa 31 Julayi, 1927, pafupi ndi Worksop. Manda ake ali ku Poling, m'chigawo cha Sussex.

Tiziti chiyani za iye?

Dziko lathu litalandira ufulu silidataye chiphaso cha mfuti. Mu 1967 Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa lamulo lake la mfuti, limene lidaika ntchito ya kaundula ndi ziphaso m'manja mwa apolisi. Mu Disembala 1993 asilikali a dziko lino adalanda zida gulu la Malawi Young Pioneers, chifukwa zidaoneka kuti gulu la chipani lokhala ndi nkhokwe zakezake za mfuti ndi chiopsezo kwa onse. Mu 2001 maiko a SADC adasainirana ku Blantyre pangano lothandizana kuletsa kufala kwa mfuti. Pamenepa tingati mfundo imodzi ya Johnston idapambana: mfuti zosadziwika mwini wake sizibweretsa mtendere.

Nayo njira yake ya thumba ikadalipo, ngakhale m'maiko olemera. Ku United States chigawo chilichonse chili ndi malamulo akeake a mfuti, ndipo boma lalikulu la ku Washington likafuna kuti zigawo zikhwimitse malamulowo, kawirikawiri limanyengerera ndi ndalama. Mu 2022 lidakhazikitsa lamulo lopatula ndalama zothandizira, mwa zina, zigawo zimene zili ndi njira yolandira mfuti kwa munthu amene bwalo la milandu lamuona kuti angadzivulaze kapena kuvulaza ena. Ena kumeneko amati ndi nzeru yopulumutsa miyoyo, pamene ena amati ndi kugula ufulu wa zigawo. Mtsutso umenewu Jumbe wa ku Nkhotakota ndi nduna za ku Buganda akadaumvetsa msanga.

Kusiyana kwake kuli pa chinthu chimodzi, ndipo ndicho chimene moyo wa Johnston ukutiphunzitsa. Lamulo la mfuti limakhala labwino kapena loipa malinga ndi amene walipanga, ndi ngati anthu olamulidwawo ali ndi mphamvu yomufunsa. Makolo athu a ku Mtakataka, ku Mua ndi ku Golomoti adapumula ku nkhondo ndi ku magoli, ndipo zimenezo sitingazichepetse. Koma sadafunsidwe, sadali ndi phungu, ndipo mfuti itachoka m'manja mwa wogulitsa anthu idakalowa m'manja mwa wokhometsa msonkho. Ife lero tili ndi chimene iwo adalibe: opanga malamulo timasankha tokha, ndipo wapolisi wolemba chiphaso ali pansi pa malamulo omwewo.

Choncho aphunzitsi, pophunzitsa za munthu ameneyu musalekere pa kuloweza zaka ndi maina a malinga. Afunseni ana kuti akadakhala mlimi wa m'chigwa chino mu 1894, pakati pa nthungo za kumtunda ndi gogodela za kunyanja, akadamlandira bwanji mlendo wobwera ndi mtendere m'dzanja limodzi ndi mzinga m'dzanja linalo. Kenaka muwafunse zimene akadanena patapita zaka ziwiri, uthenga wa imfa ya Gomani utatsika phiri nkufika pa Golomoti.